Bungwe la anthu a mipopi: mbiri ya American Water Works Association

Madzi a mumzinda wa St. Louis ku America anali ndi mbiri ya matope. Ankawapopa mumtsinje wa Mississippi, kumunsi pang'ono kwa pamene mtsinje wa Missouri umakhuthulira dothi lake lonse, moti munthu akatunga m'kapu ankayamba wadikira kuti nsenga zikhazikike. M'zaka za m'ma 1860 akuluakulu a mzindawo anatuma injiniya wawo, James Kirkwood, kuti akaone mmene anthu a ku Ulaya ankasefera madzi pamchenga. Anakaonadi, nalemba lipoti lalikulu lomwe linasindikizidwa mu 1869, koma mzinda sunamange masefawo. Anthu anapitiriza kumwa dothi mpaka mu 1904, pamene manyazi a alendo obwera ku chionetsero chachikulu cha dziko lonse anakakamiza akuluakulu kuyeretsa madziwo ndi mankhwala.

Mumzinda wa madzi oterewu ndi mmene amuna 22 anakumana pa 29 Malichi 1881, m'holo ina pa Washington University, n'kuyambitsa bungwe la American Water Works Association, lomwe ambiri amangoti AWWA. Anachokera m'zigawo za Illinois, Indiana, Iowa, Kansas, Kentucky ndi Tennessee, ndipo anasankha Jacob T. Foster kukhala mtsogoleri wawo woyamba. Cholinga chimene analemba chinali chapafupi: azigawana nzeru za kayendetsedwe ka ntchito ya madzi, kampani ndi wogula onse azipindula, ntchito isamadye ndalama zambiri ndipo izichitika mofanana kulikonse. Za thanzi sanatchule. Amenewa anali anthu a mapampu oyendera malasha, a mapaipi ophulika usiku, a mikangano ya mabilu. Tisawaseke msanga, pakuti kachilombo ka taifodi kanali kataonedwa koyamba chaka chimodzi chokha m'mbuyomo, ndipo Robert Koch anali asanalengeze za kachilombo ka kolera. Ambiri nthawi imeneyo ankati madzi akayera m'maso ndiye kuti ndi abwino. Mzinda wakumtunda unkataya zonyansa za m'zimbudzi mumtsinje, wakumunsi n'kumatunga pomwepo, ndipo taifodi inkakolola anthu chaka ndi chaka ngati chimanga.

Chaka cha 1908 chinabweretsa zinthu ziwiri, china chachete, china chaphokoso. Chachete chinali chakuti bungweli linavomereza muyezo wake woyamba, wa mapaipi achitsulo. Kale fakitale iliyonse inkaumba paipi mmene yafunira, ndipo mzinda ukagula kuwiri unkapeza kuti mapaipi sakulumikizana. Kuchokera pa muyezo umodziwo, lero ilipo yoposa 180: wa mapaipi apulasitiki, wa mankhwala a klorini, wa mmene mungatsukire paipi yatsopano musanailowetse madzi a anthu. Imalembedwa ndi makomiti a anthu ongodzipereka, momwe opanga katundu, ogula katunduyo ndi akatswiri oima paokha amakhala patebulo limodzi n'kukangana mpaka atagwirizana. Ndi ntchito yosasangalatsa kuifotokoza, koma ndiyo msana wa bungweli.

Chaphokoso chinachitika ku Jersey City. Mzindawo unali utatengera kukhoti kampani yomwe inkaugulitsa madzi a m'damu la Boonton, ponena kuti nthawi zina madziwo sanali abwino monga anapanganirana. Mlangizi wa kampaniyo, dokotala John L. Leal, anaganiza zothira mankhwala a klorini m'madzi a anthu pafupifupi 200,000, chinthu chimene palibe mzinda wa ku America unali utachitapo mosalekeza. Anthu ankawadziwa mankhwalawo ngati othira m'zimbudzi ndi m'misewu kukagwa mliri, osati omwera. Leal anaitana injiniya George Warren Fuller, yemwe anamanga makina othirira m'masiku 99 okha, ndipo pa 26 Sepitembala 1908 madzi a klorini anayamba kuyenda m'mipopi. Eni mipopiwo sanafunsidwe. Khoti linadzavomereza njirayo mu 1910, koma nkhani inali itawanda kale, chifukwa mu 1909 Leal ndi Fuller anakaifotokoza pamsonkhano wapachaka wa AWWA ku Milwaukee. Mamembala anabwerera kwawo atamva zimenezi pakamwa pa eni ake, ndipo pasanathe zaka zambiri mizinda yochuluka inali ikuthira klorini. Apa m'pamene panaoneka chimene bungwe lotere limathandiza: nzeru ikabadwa pamalo amodzi siferanso pomwepo.

Kuthira kokha sikunali kokwanira, pakuti ukachepetsa tizilombo timapulumuka, ukachulutsa anthu amakana madziwo n'kubwerera kuchitsime. Abel Wolman ndi mnzake Linn Enslow anasindikiza mu 1919 njira yodziwira mlingo woyenera malingana ndi mmene madzi a pamalopo alili. Wolman yemweyo anakhala mkonzi wa magazini ya bungweli, imene inayamba mu 1914, kuyambira 1921 mpaka 1937, ndipo anadzakhala mtsogoleri wa bungwe mu 1942. Mu 1925 AWWA inalowa nawo m'gulu la osindikiza buku la njira zoyezera madzi, Standard Methods, limene lilipobe mpaka pano m'malabotale a madzi a maiko ambiri.

Nanga lamulo linali kuti nthawi yonseyi? Linalipo, koma lalifupi mkono. Mu 1914 boma linaika muyezo woyamba wa tizilombo m'madzi akumwa, koma unkangokhudza madzi operekedwa m'sitima za pamtunda ndi za pamadzi zodutsa malire a zigawo. Mzinda umene sitima sizinkatungako unali womasuka kumwetsa anthu ake chilichonse. Muyezowo unakonzedwanso mu 1925, 1946 ndi 1962, ndipo zigawo zambiri zinkautsatira mwa kufuna kwawo. Mu 1969 nthambi ya boma yoona za umoyo inayendera malo operekera madzi 969 ndipo inapeza kuti pafupifupi 60 mwa 100 alionse ndiwo ankakwaniritsa muyezo wonse. Ovuta kwambiri anali malo ang'onoang'ono. Posakhalitsa panatuluka nkhani ina yowawa: mu 1974 Johannes Rook wa ku Rotterdam anaonetsa kuti klorini yemwe uja, mpulumutsi wa ku Jersey City, akakumana ndi zoola za masamba m'madzi amabala mankhwala ena amene amaganiziridwa kuti angayambitse khansa. Chaka chomwecho anthu a ku New Orleans anauzidwa kuti m'madzi awo muli mankhwala a m'mafakitale ambirimbiri. Pa 16 Disembala 1974 Pulezidenti Gerald Ford anasaina lamulo la Safe Drinking Water Act, ndipo AWWA, imene chaka chimenecho inasamutsa likulu lake kuchoka ku New York kupita ku Denver, inapezeka ili ndi ntchito yatsopano.

Lamuloli linapatsa bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, mphamvu yoika malire a zoipa zimene zingapezeke m'madzi, ndipo limagwira aliyense wopereka madzi ku mipopi 15 kapena kwa anthu 25 kupita m'tsogolo. Oyang'anira tsiku ndi tsiku ndi maboma a zigawo, kupatulapo Wyoming kumene EPA imayang'anira yokha. Tsono taganizani: malo operekera madzi kwa anthu okhazikika alipo pafupifupi 50,000 m'dzikomo, ndipo ochuluka ndi a m'matauni aang'ono. Kumeneko woyeretsa madzi akhoza kukhala munthu mmodzi, yemweyo wowerenga mamita, yemweyo wokumba paipi ikaphulika. Lamulo limafika patebulo pake ngati mulu wa masamba olembedwa ndi maloya ku Washington. Limanena nambala yoti asapitirire, koma silimuuza chochita mvula ikagwa usiku mtsinje n'kusanduka phala.

Chochitacho ndi luso la manja. Madzi akalowa kuchokera kumtsinje, amathiramo mankhwala onga alum kuti tinthu tating'ono toyandama m'madzimo tigwirane n'kukhala timibulu. Timibuluto timamira m'mathanki akuluakulu, madzi apamwamba amadutsa m'masefa a mchenga, kenako klorini amapatsidwa nthawi yokwanira kupha zotsala. Mlingo wa alum sukhala umodzi: umasintha ndi nyengo, ndi kuzizira kwa madzi, ndi dothi la tsikulo. Woyeretsa wodziwa ntchito amatunga madzi m'mabotolo angapo, n'kuthira mlingo wosiyana m'botolo lililonse, n'kutakasa, n'kuona momwe mwayera bwino. Sefa nayo ili ndi khalidwe lake, chifukwa ikangotsukidwa imayamba yatulutsa madzi osayera kwenikweni kwa kanthawi, ndipo wosadziwa amawatumiza kwa anthu. Zoterezi ndi zimene AWWA inadzipatsa kuphunzitsa, kudzera m'mabuku ake a ntchito, m'kamagazini ka oyeretsa madzi kotchedwa Opflow, ndi m'maphunziro a nthambi zake 43 za ku United States, Canada, Mexico ndi Puerto Rico. Si yokha pantchitoyi. Matauni aang'ono kwambiri, amene sangathe kutumiza munthu wawo mmodziyo kumsonkhano wakutali, anayambitsa bungwe lawolawo mu 1976, National Rural Water Association, limene limatumiza akatswiri oyendayenda kukathandiza pamalo pomwepo.

Malamulo anapitiriza kuchuluka, makamaka nyumba ya malamulo itawakhwimitsa mu 1986. Koma phunziro lalikulu linabwera kuchokera kumene sankayembekezera, ku Milwaukee komwe kuja kunachitikira msonkhano wa 1909.

Chakumapeto kwa Malichi 1993, anthu a kum'mwera kwa mzindawo anayamba kuimba mafoni kudandaula za madzi otuluka m'mipopi yawo. Pamalo oyeretsera a Howard Avenue, omwe amatunga m'nyanja ya Michigan, anali atasintha mankhwala ogwiritsa dothi miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo madzi a m'nyanja atasintha ndi nyengo, mlingo unawasokonekera. Kuvunduka kwa madzi kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa NTU, ndipo diso la munthu limayamba kuona kuti madzi a m'kapu sali bwino akafika cha pa 4. Pa Howard Avenue anafika pa 1.7. Lamulo la nthawiyo linali lisanaphwanyidwe. Lokhwimirapo, la mu 1989, linali loti liyamba kugwira ntchito pamalo osefera mu Juni chaka chomwecho. Klorini ankathiridwa monga mwa masiku onse. Mapepala onse anali bwinobwino. Koma m'masitolo mankhwala oletsa kutsegula m'mimba anatha psiti, aphunzitsi ndi ana anasowa m'masukulu, ndipo ogwira ntchito m'zipatala nawonso anali chigonere. Pa 7 Epulo meya John Norquist analamula kuti aliyense aziphitsa madzi. Wolakwa anali kachilombo kotchedwa Cryptosporidium, kamene kamadzitsekera m'chikamba cholimba moti klorini wa mlingo wa masiku onse sakachita kanthu. Choletsa chake ndi sefa, ndipo sefa ndi imene inagona. Akatswiri anawerengera kuti anthu 403,000 anadwala. Osachepera 69 anamwalira, ambiri mwa iwo odwala Edzi, amene matupi awo analibe mphamvu yolimbana ndi kachilomboka. Ife a kuno ku Malawi, amene tinasamalapo abale m'zaka zimenezo, sitifunika kuuzidwa zambiri za mmene kutsegula m'mimba kumathera munthu wotere.

Milwaukee inaphunzitsa kuti madzi akhoza kukhoza mayeso a boma n'kuphabe anthu. Lamulo latsopano limatenga zaka kulilemba, tsono mu 1995 AWWA, EPA ndi mabungwe ena anayi anayambitsa mgwirizano wotchedwa Partnership for Safe Water, wolowa mwa kufuna. Malo oyeretsera akalowa, amalonjeza kusonkhanitsa zotsatira za kuvunduka kwa madzi za chaka chathunthu, kenako ogwira ntchito pamalopo amadziunika okha, kuyambira pothira mankhwala mpaka ku ofesi ya bwana, n'kulemba zofooka zawo. Lipotilo limawerengedwa ndi anzawo a ntchito yomweyo ochokera m'mizinda ina. Cholinga anachiika pa 0.1 NTU, pamene lamulo la nthawiyo linkalola 0.5, ndipo ngakhale boma litatsitsa malire kufika pa 0.3 mu 1998, cholinga cha mgwirizanowu chinali chidakali patsogolo. Chinanso chimene anatsindika n'choti sefa iliyonse iziyezedwa payokha, chifukwa sefa imodzi yodwala imabisala m'madzi a zinzake zabwino akasakanikirana. M'mbiri yonse ya bungweli, ine ndimaona kuti apa m'pamene linachita bwino koposa. Silinapemphe nyumba zatsopano kapena makina odula. Linangoti zimene muli nazo kale muziziyendetsa mwatcheru, ndipo linapezera woyeretsa madzi munthu womuuza zoona amene si wapolisi.

Mu 1996 Pulezidenti Bill Clinton anasaina kusintha kwina kwa lamulo lija. Kunabweretsa thumba la ngongole zofewa zokonzera malo oyeretsera, kunalamula kuti oyendetsa malowa akhale ndi ziphaso, ndiponso kuti wogula madzi aliyense azilandira lipoti la chaka la zimene zapezeka m'madzi ake.

Mpaka apa nkhani ikukoma, koma bungweli lili ndi nkhope ina. Mamembala ake, pafupifupi 50,000, ambiri ndi ogwira ntchito m'makampani ndi m'makhonsolo ogulitsa madzi, ndipo malo amene ali m'bungwemu amamwetsa anthu pafupifupi 80 mwa 100 alionse a ku North America. Amene amaphunzitsidwa kutsatira lamulo ndi omwewonso amalipira mtengo wa lamulolo, tsono AWWA ndi mphunzitsi wawo komanso loya wawo. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo nkhani ya mtovu ikuonetsa mmene bungweli lanyowera.

Mtovu suchokera kumtsinje. Umachokera m'kapaipi kolumikiza nyumba ndi paipi yaikulu ya mumsewu, ndipo umaononga ubongo wa mwana ngakhale utachepa chotani. Mizinda yambiri inaika mapaipi amenewa kalekale. Ku Chicago lamulo la mzinda linkawakakamiza mpaka 1986. EPA itatulutsa lamulo la mtovu mu 1991, AWWA inakasuma, ponena kuti gawo la paipi lomwe lili pabwalo la munthu ndi la mwini nyumba, ndipo mu 1994 khoti linagwetsa mbali imeneyo ya lamulo chifukwa EPA sinapereke mpata wokwanira woti anthu ayankhepo. Zotsatira zake, kwa zaka zambiri makampani ankachotsa gawo lawo lokha n'kusiya la mwini nyumba, pamene kudula paipi yakale pakati kumatha kuwonjezera mtovu m'madzi kwa kanthawi. Kenako kunabwera Flint. Mu Epulo 2014 mzinda wosaukawu, umene anthu ake ambiri ndi akuda, unasiya madzi ochokera ku Detroit n'kuyamba kutunga mumtsinje wa Flint pofuna kupulumutsa ndalama, osathira mankhwala oteteza mapaipi kuti asadyeke. Fakitale ya General Motors inasiya madziwo mu Okutobala chaka chomwecho chifukwa ankachititsa dzimbiri zitsulo za injini, koma ana anapitiriza kumwa kwa chaka china chathunthu, mpaka dokotala wa ana Mona Hanna-Attisha ataonetsa kuti mtovu wakwera m'magazi awo. Nzeru yoteteza mapaipi inalipo m'mabuku kalekale, koma buku silikakamiza munthu. Mu Malichi 2016 akuluakulu a AWWA anavomereza kuti mapaipi onse a mtovu achotsedwe athunthu, ndipo kafukufuku wa bungweli anati alipo pafupifupi 6.1 miliyoni.

Wina akanaganiza kuti mkangano wathera pamenepo. Ayi ndithu. Mu Okutobala 2024 EPA inalamula kuti mapaipiwo achotsedwe m'zaka 10, ndipo mu Disembala AWWA inabwereranso kukhoti, ikuti cholinga ikugwirizana nacho koma nthawi yachepa, ndalama zokwana madola 15 biliyoni zimene boma linapereka mu 2021 n'zosakwanira, ndipo funso la paipi ya pabwalo la munthu silinayankhidwebe. Miyezi ingapo m'mbuyomo inali itasumanso pa lamulo la mankhwala osaola otchedwa PFAS, limene linaika malire a ena mwa mankhwalawo pa magawo 4 mwa thililiyoni. Mfundo zake si zopanda pake, pakuti ndalama iliyonse yogulira makina atsopano imakathera pa bilu ya mayi wosauka, ndipo mu 2012 bungwe lomweli linawerengera kuti kukonzanso ndi kukulitsa mapaipi okalamba a m'dzikomo kudzadya madola oposa thililiyoni imodzi m'zaka 25. Komabe mwana amene akumwa mtovu lero sangadikire kuti mabajeti agwirizane. Pankhani ya tizilombo bungweli linathamanga patsogolo pa lamulo. Pankhani ya mtovu lakhala likukokedwa.

Dzanja la bungweli linafika ndi kwathu kuno, ngakhale ambiri sadziwa. Mu 1991 atsogoleri ena a AWWA anayambitsa bungwe lachifundo la Water For People, limene lakhala likugwira ntchito m'Malawi kuyambira 2000, m'makiyosiki a madzi a m'madera odzaza anthu a mumzinda wa Blantyre ndiponso pa mijigo ya ku Chikwawa. Nafenso tili ndi mabungwe asanu ogulitsa madzi, a Blantyre, Lilongwe, ndi a zigawo zitatu, amene ali ndi mgwirizano wawo wa WASAMA, ndipo muyezo wa madzi akumwa ulipo wolembedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Injiniya wa ku Walker's Ferry amene amalimbana ndi matope a mu Shire nthawi ya dzinja angamvane bwino lomwe ndi amuna 22 aja a m'mphepete mwa Mississippi.

Ku America lipoti la chaka lija liyenera kufika kwa wogula aliyense pofika pa 1 Julaye, ndipo limatchula kumene madzi achokera, zimene zapezekamo ndi malire amene aphwanyidwa. Inu amene mumalipira bilu ya madzi mwezi ndi mwezi, ulendo wina mukapita ku ofesi, mukafunseko zotsatira za kuyeza madzi a m'dera lanu.